Tisanawapatse ngongole, tiwabwezere mabwalo

Mkangano wa achinyamata sutha mu Zomba muno. Umabuka pa wailesi anthu akamaimba foni, umabuka mu minibasi ya ku Jali kapena ya ku Songani, umabukanso pa maliro akuluakulu akakhala pansi pa mtengo kudikira mwambo. Mbali imodzi ikuti ana a masiku ano ndi aulesi, tsiku lonse limathera pa pulu, mu vidiyo ndi pa foni kubetcha, choncho boma likapeza ndalama ya achinyamata lizingoiika ku ngongole za bizinesi ndi ku maphunziro a ntchito za manja basi. Mbali inayo, imene mawu ake samveka kwenikweni, ikuti anawa alibe kopita. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ndipo ndinene poyambirira pomwe: ndondomeko ya boma yotukula achinyamata imene ilibe bwalo lotetezedwa, holo yotsegula ndi munthu wolipidwa woziyang'anira ndi yoperewera. Gawo lodziwika la ndalama za achinyamata liyenera kupita kumeneko chaka ndi chaka, ndipo lisamadikire kuti za ngongole zithe kaye.

Tiyambe ndi kufunsa kuti achinyamata amene tikukamba ndi ati. Ndondomeko ya dziko lino imati wachinyamata ndi munthu wa zaka kuyambira 10 mpaka 35. Kalembera wa 2018, amene adayendetsa ndi ofesi ya National Statistical Office yomwe likulu lake lili mu Zomba momwemuno, adapeza kuti dziko lino linali ndi anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo theka la anthuwo linali la ana osakwana zaka 18. Tanthauzo lake n'lakuti khamu lalikulu la amene timawatcha achinyamata silingasaine fomu ya ngongole, silingalembetse ku sukulu ya ntchito za manja, komanso silinafike poti lilembedwe ntchito. Mwana wa zaka 12 wa ku Chikanda kapena ku Mpondabwino amaweruka kusukulu dzuwa likadali pamutu. Kuchokera nthawi imeneyo kufikira mdima pali maola ambiri, makolo ali ku geni kapena ku ganyu, ndipo maola amenewa ndi amene amaumba munthu. Pa maola amenewa mapulogalamu athu a boma sanenapo kanthu.

Otsutsa ali ndi mfundo yoyamba imene ndi yolemera, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Iwo amati masewera sadyeka. Mnyamata amene adalemba mayeso a Fomu 4 zaka zitatu zapitazo, amene akugonabe m'nyumba ya makolo ndipo sopo yemwe amachita kupempha, sakufuna mpira, akufuna mpamba. M'dziko lomwe mankhwala amasowa m'zipatala ndipo thumba la feteleza lakwera mtengo mosaneneka, kutenga ndalama n'kukaimika magolo ndi kugula mayunifolomu kumaoneka ngati kusewera ndi njala ya anthu. Munthu wonena zimenezi si wouma mtima. Nthawi zambiri ndi kholo limene likudyetsa malova awiri kapena atatu pakhomo, ndipo likufuna kuona mwana wake akubwera ndi kanthu m'manja madzulo.

Komabe tiyeni tione njira ya ngongoleyi mmene tayiyendera, popeza siyachilendo. Mu 2005 kudabwera MARDEF, thumba la boma la ngongole za anthu a kumidzi. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika lidakhazikitsa YEDEF, thumba la ngongole za achinyamata okhaokha. Kenaka matumbawa adaphatikizidwa kukhala MEDF, ndipo mu 2020 dzina lidasinthanso kukhala NEEF. Maina asintha, maboma asintha, koma madandaulo akhala amodzimodzi: ngongole zambiri sizibwezedwa, ena amaziona ngati mphatso ya chipani, ndipo amene alibe chikole kapena womudziwa amabwerera pakhomo. Sindikunena kuti palibe amene adapindula. Alipo amene adagula makina osokera kapena owotcherera zitsulo ndipo mpaka lero akudyera pomwepo. Sukulu za luso za m'madera zimene zidayamba kutsegulidwa mu 2015 nazonso ndi ganizo labwino. Chimene ndikunena n'chakuti njirazi zimafikira anthu ochepa, zimawafikira atakula kale, ndipo zimayembekezera kupeza munthu amene adaphunzira kale kusunga nthawi, kusunga ndalama ya anzake ndi kupirira zinthu zikavuta. Kupereka mpamba kwa munthu amene sadaphunzire zimenezi kuli ngati kufesa mbewu m'munda wosalima.

Tsono funso n'lakuti makhalidwe amenewa amaphunziridwa kuti. M'kalasi ya ana oposa 100 mphunzitsi alibe mpata wowaphunzitsa. Pitani mukaone katimu ka mpira ka m'dera lililonse, kaya ku Chinamwali kaya ku Thondwe. Kali ndi wapampando, kali ndi msungichuma wa zaka 17 amene amasunga kabuku kolembamo amene wasonkha ndi amene sanasonkhe. Akafuna kukasewera mudzi wina amawerengera ndalama ya galimoto, amagawana kuti uyu akabwereke mpira, uyu akalankhule ndi mfumu za bwalo, uyu achape mayunifolomu. Wochedwa ku tirening'i amakhala panja Loweruka ngakhale akhale wodziwa kugoletsa. Akagonja amakangana, kenaka Lolemba amakumananso. Ngongole za boma zambiri zimaperekedwa ku magulu, ndipo magulu amene amapangidwa sabata imodzi pofuna kungolandira ndalama ndi amene amabalalika ndalamayo ikangotuluka. Gulu limene lakhala likusonkherana kwa zaka zitatu pogula mpira likudziwana kale kuti wokhulupirika ndani. N'chifukwa chake ndikuti bwalo silipikisana ndi ngongole, koma limakonza anthu amene angaibweze.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti ngakhale mabwalo atakhalapo, anawa sangapiteko, chifukwa mitima yawo idapita kale ku juga, ku mowa ndi ku mafoni. Umboni wawo ndi wooneka ndi maso. Pa msika uliwonse pali kanyumba ka malata kapena ka mikeka, pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko masewero a mpira wa ku England a tsikulo, mkati muli mabenchi, mdima ndi fungo la thukuta, ndipo ana a sukulu adzaza mpaka pansi. Pafupi pake pali tebulo la pulu, anyamata atalizungulira kuyambira m'mawa. Ndikuvomereza kuti zimenezi zilipo. Chimene sindivomereza ndi tanthauzo limene timazipatsa. Mwini vidiyo uja adaona chinthu chimene boma silidachione, chakuti wachinyamata amafuna pokumana ndi anzake, poseka, popikisana, ndipo ali wokonzeka kulipira kandalama kake komaliza kuti apeze malo otero. Iye adatsegula chitseko, ife sitidatsegule chathu. Kunena kuti mwana wasankha vidiyo pamene padalibe china choti asankhe si chilungamo.

Kuwonjezera apo, pamene pali kabwalo ngakhale koipa chotani, anawa amapitako popanda wowaitana. Madzulo aliwonse, pa kamtunda kalikonse kopanda nyumba, mupeza ana akuthamangitsa chikulunga chomanga ndi mapepala a pulasitiki, magolo ake ali miyala iwiri kapena nsapato. Galimoto ikabwera amaimitsa masewero, ikadutsa amapitiriza m'fumbi lomwelo. Atsikana amajambula mizere ya phada pa msewu ndipo amasewera fulaye pakati pa nyumba. Mwana waulesi sathamanga maola awiri pa miyala wopanda nsapato. Chimene chimachitika n'chakuti akafika zaka 15 kapena 16, kamtunda kaja kamachepa, palibe ligi, palibe kochi, palibe chotsatira, ndipo pamenepo m'pamene kubetcha kumamulandira. Kubetcha kumadyera pa chikondi chomwecho cha mpira, koma kumamusandutsa woonerera wotaya ndalama m'malo mokhala wosewera. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti, koma mowa womwewo udabwereranso m'timabotolo totchipa. Kuletsa kokha sikudzaza maola opanda chochita.

Ife a ku Zomba tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa ena, chifukwa chipatala chachikulu cha matenda a m'maganizo m'dziko muno chili mumzinda mwathu, ndipo si chinsinsi kuti chamba ndi mowa ndi zina mwa zimene zimafikitsa anyamata kumeneko. Tikumbukirenso 2020, sukulu zitatsekedwa kwa miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19. Kafukufuku wa boma adapeza atsikana oposa 40,000 atatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'nyengo imeneyo. Zifukwa zake zinali zambiri, umphawi uli patsogolo, koma palibe angakane kuti ana atasowa kopita tsiku ndi tsiku, mavuto adawapeza msanga. Ndalama imene timakana kuika pa bwalo timakailipira ku chipatala, ku polisi ndi ku ndende, ndipo kumeneko imakhala yambiri.

Pali enanso amene amati boma lachitapo kale mbali yake, ndipo amaloza sitediyamu. N'zoona kuti mzinda ngati Zomba, umene udali likulu la dziko mpaka 1975, uyenera kukhala ndi bwalo lalikulu laulemu wake. Ntchito yomanga sitediyamu pamalo a bwalo la Community idatenga zaka zochuluka kuposa zimene tidalonjezedwa, ndipo m'zaka zimenezo timu ya Red Lions idakhala ikusewerera masewero ake a pakhomo kunja kwa Zomba. Koma ngakhale sitediyamu itakhala yokongola chotani, ntchito yake ndi ina. Imasewereredwa ndi anthu 22, ena onse amakhala pansi n'kumaonerera atalipira pa chipata, ndipo mkati mwa sabata imakhala yokhoma kuti udzu usaonongeke. Mzinda wa anthu oposa 100,000, ndi boma la anthu oposa 700,000 kunja kwa mzindawo, sungakwane m'bwalo limodzi. Mwana wa ku Mayaka kapena ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa mwina sadzalowamo mpaka kukula. Chimene chimamufikira ndi bwalo la pa sukulu yake ya pulaimale, ngati lilipo.

Apa m'pamene pali chinthu chimene chimandipweteka kwambiri. Mabwalo ang'onoang'ono akutha mwakachetechete. M'malo ena adadulidwa mapuloti, m'malo ena padamangidwa makalasi chifukwa ana adachuluka m'sukulu kuchokera pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere mu 1994, ndipo m'malo ena munthu amangoyamba kulima m'mphepete, chaka chamawa n'kulowa pang'ono, mpaka kona ya bwalo isanduka munda wa chimanga. Palibe amene amachita zionetsero chifukwa cha bwalo, popeza eni ake ndi ana ndipo ana savota. Koma bwalo likangomangidwapo nyumba lapita mpaka kalekale. Tabitha ndi Temwa Chawinga adayambira pa mabwalo a fumbi kwawo ku Rumphi. Mu 2023 timu ya dziko ya amayi ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA, ndipo mu 2024 Temwa adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America. Tonse tidakondwa. Sindikunena kuti mwana aliyense adzafika kumeneko, ndipo bwalo silifunika kubala katswiri kuti likhale laphindu. Ndikungoti ngakhale amene amayeza zonse ndi ndalama ayenera kuona kuti malo amene akudulidwa mapulotiwa ndi amene amatulutsa anthu otere.

Akuluakulu ena amabwera ndi yankho lina. Iwo amati vuto ndi mwambo, ndipo mankhwala ake ndi kubwezeretsa apayoniya. Amakumbukira Malawi Young Pioneers, gulu lomwe lidayamba mu 1963, ndipo ku Nasawa m'boma lino kudali malo ake ophunzitsira. Amakumbukira minda yooneka bwino, anyamata odzuka m'mamawa, ndi Sabata ya Achinyamata pamene ana a sukulu ankakonza misewu ndi kuumba njerwa. Pa zaulimi ndi ntchito za manja pali zimene tingatengeko, ndipo n'zabwino kuti lero ku Nasawa kuli sukulu ya luso. Koma tisakumbukire theka lokha. Apayoniya omwewo ndi amene ankaima pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi kufunsa makadi a chipani, ndipo mapeto ake adali kuti asilikali adawalanda zida mu Disembala 1993 pa zimene zidatchedwa Operation Bwezani. Mwambo wobwera ndi mantha umatha mantha akatha. Umene ndikuufuna ine ndi uja mwana amauvomera yekha chifukwa akufuna kusewera Loweruka. Pulogalamu ya National Youth Service imene idakhazikitsidwa mu 2022 kapena ina iliyonse yonga imeneyo iyenera kuyezedwa ndi funso limodzi: kodi mwana wa munthu wa chipani china angalowemo momasuka?

Funso lomweli likukhudza mabonanza. Chisankho chikayandikira mipira imachuluka, mayunifolomu olembedwa dzina la wopikisana amagawidwa, zikho zimaseweredwa m'dera lililonse. Chisankho chikatha kumati zii. Ena amati bola zimenezo kusiyana n'kupanda kanthu. Ine ndimaona kuti zimaphunzitsa achinyamata chinthu choipa, chakuti masewera ndi mphatso ya bwana, ndipo njira yopezera mpira ndi kuimbira munthu m'manja. Ligi ya pa wodi imene khonsolo imayendetsa chaka chilichonse, ngakhale mphoto yake ikhale yochepa, ndi yaphindu kuposa chikho cha mamiliyoni chobwera kamodzi pa zaka zisanu.

Za atsikana ndiyenera kuzinena padera, chifukwa tikangoti bwalo ambiri timaganiza za anyamata. Mtsikana akaweruka kusukulu amapeza ndowa, nkhuni, mbale ndi mwana woti abereke zikumudikira, pamene mchimwene wake wangoponya chikwama n'kutuluka. Akapeza mpata, malo amene alipo, vidiyo ndi pulu, si oti mayi angamulole kupitako, ndipo mayiyo sakulakwa. Chotsatira chake n'chakuti chisangalalo cha mtsikana chimakhala cha mobisa, ndipo za mobisa ndi zimene zimabweretsa mavuto. Dziko lino limadziwika kunja ndi ntchemberembaye, ma Queens akhala akugonjetsa mayiko olemera kuposa ife, koma bwalo la mpira wa manja ndi laling'ono ndiponso losavuta kukonza, moti n'zovuta kumvetsa chifukwa chake silipezeka m'dera lililonse. Pakakhala bwalo loonekera, chimbudzi chotseka bwino, ndi kochi wamayi amene makolo akumudziwa, mayi amalola mwana wake kupita. Popanda zimenezi pulogalamu imakhala ya anyamata okha ngakhale pa pepala palembedwe kuti ndi ya onse.

Mfundo yotsiriza ya otsutsa ndi yakuti zonsezi ndi ntchito ya makolo, mipingo, mizikiti ndi mabungwe, osati boma. Mbali ina akunena zoona. Makwaya, magulu a achinyamata a m'mipingo ndi madrasa akusunga ana ambiri amene akadasochera, ndipo bungwe la YONECO, lomwe lidayambira mu Zomba mu 1997, lagwira ntchito ndi achinyamata kwa zaka zambiri. Koma pali zinthu zimene kholo kapena mpingo sungathe. Kholo silingaletse kuti bwalo ligulitsidwe. Bungwe limagwira ntchito pamene thandizo lilipo, thandizo likatha pulojekiti imatseka. Amene ali ndi mphamvu pa malo ndi khonsolo, unduna wa za malo ndi mafumu, ndipo amene angalipire munthu mwezi ndi mwezi kwa zaka makumi awiri ndi boma lokha. Komanso bwalo la boma limakumanitsa ana amene mpingo sungawakumanitse, Mkhristu ndi Msilamu, wa ku Mulunguzi ndi wa ku Sadzi, ndipo m'boma la anthu osakanikirana ngati lathu zimenezi si zazing'ono.

Sindikukamba za mpira wokha. Si mwana aliyense amene amathamanga. Zomba ndi mzinda wa sukulu, muli University of Malawi, chapafupi ku Domasi kuli koleji ya aphunzitsi, muli likulu la MANEB ndi nyumba yosungira mbiri ya dziko, ndipo zisudzo za Travelling Theatre za ku Chancellor College zidatchuka dziko lonse. Koma mwana wokhala kuseri kwa mpanda wa koleji angathe kukula osaonapo sewero pa nsanja, osagwirapo gitala, osakhalapo m'chipinda chowala chowerengeramo madzulo. Phiri limene alendo amachokera kutali kudzaliona, ana ambiri a mumzinda amalidziwa ngati kotola nkhuni basi, sadafikepo pa damu la Mulunguzi kukangoyenda ndi kuona. Ophunzira a m'makoleji athuwa akhoza kuphunzitsa zisudzo, nyimbo, chesi ndi kompyuta m'madera ozungulira ngati gawo la maphunziro awo, patakhala holo yowalandira ndi kandalama ka mayendedwe.

Nanga ndalama zichokera kuti? Zambiri mwa zimene ndikupempha sizifuna ngongole ya kunja. Choyamba ndi cholembera ndi pepala: khonsolo ya mzinda ndi ya boma ziwerenge mabwalo onse amene atsala, ziwayeze, ziike zizindikiro za malire, ndipo mndandanda wake upachikidwe poyera kuti aliyense wofuna kudulapo puloti adziwe kuti anthu akuona. Mafumu achite chimodzimodzi m'midzi. Kenaka mabwalo ndi maholo a sukulu za boma azitsegulidwa madzulo ndi kumapeto kwa sabata, pakhale mgwirizano womveka wa amene akhome ndi amene akonze chikaonongeka, chifukwa mphunzitsi wamkulu amene amakhoma chipata nthawi zambiri amaopa kuti mawindo akasweka mlandu ukhala wake. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, zimene zimamanga milatho ndi makalasi, zikhale ndi gawo lolembedwa la magolo, mapolo a ntchemberembaye, chimbudzi ndi nyali za sola. Chachikulu pa zonse ndi munthu. Wodi iliyonse ikhale ndi wachinyamata mmodzi kapena awiri ophunzitsidwa, mwamuna ndi mkazi, olandira malipiro, amene ntchito yawo ndi kutsegula malo, kusunga zipangizo ndi kuyendetsa ligi ndi magulu a zisudzo. Boma lidayamba kale mu 2018 kutumiza omaliza maphunziro a ukachenjede m'maofesi kuti akaphunzire ntchito, ndipo ena mwa iwo amakhala pa desiki popanda chochita chenicheni. Ena mwa malo amenewo akhoza kusamutsidwira ku mabwalo, ndipo khansala wa dera azipereka lipoti ku khonsolo miyezi itatu iliyonse la kuchuluka kwa ana amene akubwera, anyamata padera, atsikana padera.